Nzeru za a Dagara ndi mlandu wa pa banki nkhonde yathu

NaPhiri, Area 25
Abale anga, ndagwa nayo. Masabata atatu tsopano sindikupeza tulo. Ndine wapampando wa banki nkhonde ya amayi 24, ndipo takhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi osakokanakokana. Chaka chino msungichuma wathu wadwazika mwana wake wamwamuna miyezi inayi, mpaka mwanayo anatisiya mu Ogasiti. Titakhala pansi kuwerengetsa ndalama zomwe amayi amatumiza pa nambala yake, tapeza kuti K640,000 palibe. Mwiniwake sakukana. Akuti zinathera mankhwala, mayendedwe a kuchipatala ndi bokosi. Tsono gulu lang'ambika pakati. Ena akuti tipite naye kupolisi, ena akuti tikanyamule katundu wa m'nyumba mwake, ena angoti zii koma asiya kuponya masheya. Disembala, mwezi wogawana, wayandikira.

Mwana wanga wamkazi anapita ku maphunziro a utsogoleri kuntchito kwawo, ndiye wabwera ndi nkhani ya mtundu wa a Dagara a ku West Africa, kuti ali ndi njira yawo yotsogolera anthu ndi yothetsera mikangano. Wandifotokozera koma sindinagwire mutu wake. Alipo pano wozidziwa bwino? Sindikufuna gulu life m'manja mwanga.

Tadala_BT
Pepani kwambiri mayi. Maphunziro otere ndinachitapo nawo. Zambiri zimachokera kwa Malidoma Somé, m'Dagara wobadwira ku Dano ku Burkina Faso mu 1956, yemwe anakhala zaka zambiri ku America akuphunzitsa za kwawo mpaka anamwalira mu 2021. Iye ankati anthu ali m'magulu asanu: moto, madzi, dothi, mwala ndi chilengedwe. Wa moto ndi wamasomphenya, sachedwa kuyambitsa zinthu koma sachedwanso kupsereza. Wa madzi ndi woyanjanitsa. Wa dothi ndi wolera, ukakhala naye umamva kuti wafika kwanu. Wa mwala amasunga mbiri, saiwala. Wa chilengedwe ndi wosintha zinthu. Mumayang'ana nambala yomaliza ya chaka chobadwa: 2 ndi 7 moto, 1 ndi 6 madzi, 0 ndi 5 dothi, 4 ndi 9 mwala, 3 ndi 8 chilengedwe. Bwanji mufufuze a madzi m'gulu lanu, nkhaniyi muwasiyire iwowo?

Bambo a Mphatso
Mayi NaPhiri, mwaulemu ndithu, izi n'zamizimu. Munthu wopemphera asaziyandikire. Kuwerenga chaka chobadwa kuti udziwe khalidwe la munthu kwasiyana pati ndi kuombeza? Itanani abusa kapena akulu a mpingo akuthandizeni.

Achimwene a ku Joni
Inetu ndinene mosapsatira. Ndalama ija ndi ya amayi ogulitsa mandasi ndi tomato, ena akudikira Disembala kuti agule feteleza ndi kulipira fizi ya Januwale. Kuno ku Johannesburg gulu lathu la maliro linatha chifukwa chomvera chisoni munthu mmodzi. Wotsatira naye anati bwanji ine. Chisoni tili nacho, koma abweze basi.

Mbewe wa ku Mua
Ndiloleni ndiyankhulepo, poti ndinakhalako pakati pa anthu amenewa zaka ziwiri, kufupi ndi Nandom kumpoto chakumadzulo kwa Ghana, nditatumizidwa ndi mpingo kukaphunzitsa. Ena amadzitcha Dagara, ena Dagaaba, malinga ndi dera. Ndi anthu amodzi omwe anadulidwa pakati ndi malire omwe Angerezi ndi Afalansa anagwirizana mu 1898. Ena anagwera ku Ghana, ku Jirapa, Lawra ndi Nandom, ena mbali ya Burkina Faso, ku Dano ndi Diébougou.

Tadala mwana wanga, zomwe wanenazo Malidoma ankaphunzitsadi, ndipo sindikuzinyoza. Koma taganiza: nkhalamba za kumudzi kalelo zinkawerenga zaka ndi kalendala ya Azungu? Manambala amenewo ndi mlatho wofikira anthu a kalendala. Pa zaka zanga ziwiri sindinamvepo mlimi akufunsa mnzake chaka chobadwa kuti amupatse udindo. Zomwe ndinaona ndi maso, ndi kumva kwa akuluakulu, ndi izi.

Atsamunda asanabwere, midzi yambiri ya a Dagara inalibe mafumu ngati athuwa. Wolemekezeka anali tengansob, woyang'anira kachisi wa dothi wotchedwa tengan, wochokera m'banja lomwe linayamba kufika pamalopo. Analibe asilikali, sankatolera msonkho, nyumba yake inali yadothi ngati ya wina aliyense, ndipo khasu ankagwira yekha. Ntchito yake inali kuona kuti nthaka ya mudzi isadetsedwe. Magazi a munthu akakhetsedwa pamudzi, nkhani inkafika kwa iye. Chiweto chosochera chopanda mwini chinkapita kwa iye, koma chinali cha kachisi, sichinali cha m'khola mwake. Mlendo wofuna malo ankadzera kwa iye. Mafumu otchedwa naa anachuluka m'nthawi ya atsamunda, omwe ankafuna anthu otolera msonkho ndi kugwira anyamata a ntchito yokakamiza. Mukamva zimenezi mukumbukira za makolo athu, kuti a Banda ankasunga dziko ndi mvula pamene a Phiri ankalamulira, ndi kuti Makewana, mayi woyang'anira kachisi wa mvula ku Msinja, analibe nthungo koma mafumu ankamugwadira.

Tsono mayi NaPhiri, inu pagulupo muli ngati tengansob. Bokosi si lanu, mumangolisunga. Funso lanu loyamba likhale lakuti: chadetsedwa n'chiyani pakati pathu, ndipo chiyera ndi chiyani?

Achimwene a ku Joni
A Mbewe, ndiye mukuti asabweze?

Mbewe wa ku Mua
Abweze, achimwene. Kumeneko wodetsa nthaka amalipira, ndipo malipiro ake ndi owawa: nkhuku, nkhosa, mlandu ukakula mpaka ng'ombe. Koma sasenza yekha. Nyumba yake yonse, yomwe amaitcha yir, imasonkha. Akalipira amamwera limodzi mowa wa mapira, ndipo nkhaniyo saifukulanso. Nanga msungichumayu alibe alongo ake? Mwinimbumba wake ndani? Mayi, munawaitanapo?

NaPhiri, Area 25
Ayi bambo, sitinawaitane. Timangolimbana ndi mwiniwake. Alongo ake alipo awiri, mmodzi ndi kalipentala ku Kawale.

Mayi a Yamikani, Leeds
Achemwali NaPhiri, ndine namwino, ndipo ndili ndi funso lina. Musandimve molakwa. Miyezi inayi ija mwana ali m'chipatala, mwa amayi 23 otsalawo, ndi angati anapita kukamuzonda? Ndani anagonako naye usiku ngakhale umodzi? Pamaliro munachita chiyani?

NaPhiri, Area 25
Achemwali, mwandilasa pamtima. Anapitako ndi awiri okha, kamodzikamodzi. Ine ndinangoimba foni kawiri. Pamaliro tinapereka K30,000 ya thumba la zadzidzidzi monga mwa malamulo athu, tinagona usiku umodzi pasiwa, titachoka kumanda aliyense n'kuthamangira ku geni yake. Patangotha masabata awiri tinamuitana kuti abwere ndi buku. Anabwera nalo atavala zakuda.

Mayi a Yamikani, Leeds
Ndiye mwaona kuti zodetsedwa zilipo ziwiri. Iye anatenga ndalama za gulu mosapempha. Gulu nalo linamusiya yekha pa nthawi yomwe gulu limakhalira gulu. Sindikuti ziwirizi zikufafanizana, ndalama ibwere ndithu. Koma mukakamba chimodzi chokha, mudzakhala mwanama.

Sobonfu Somé, mayi wachi Dagara amene anamwalira mu 2017, anathera moyo wake akuphunzitsa za kulira pamodzi. Ankati chisoni chosalira sichichoka, chimangosintha nkhope, n'kudzatuluka ngati mkwiyo kapena matenda. Kuno ndimaziona tsiku ndi tsiku. Munthu wamwalira, achibale apatsidwa masiku ochepa kuntchito, maliro atha pa ola limodzi, aliyense akuyesetsa kuti msozi usaoneke. Patapita miyezi timawalandira ali ndi BP, sakugona, sakudya. Ife tinali ndi mankhwala a zimenezi, koma m'tauni tayamba kuwataya.

Mbewe wa ku Mua
Mayi a Yamikani mwakhudza penipeni. Maliro a a Dagara sindidzawaiwala. Womwalira amamuveka zovala zake zabwino kwambiri n'kumukhazika pa nsanja panja, kuti aliyense amuone. Pafupi pamakhala oimba gyil, chida chofanana ndi valimba ya kuchigwa cha Shire, chokhala ndi zikho pansi pake, pamodzi ndi ng'oma ndi amuna oimba nyimbo za maliro. Oimbawo amatchula mbiri ya banja, zabwino ndi zowawa zomwe, kuti msozi utuluke. Anthu amawaponyera ndalama ndi tizigoba ta m'nyanja tomwe kale tinali ndalama zawo. Amuna amalira poyera, manja m'mwamba, popanda wowauza kuti limbani mtima.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi ichi. Wofedwa weniweni amamumanga chingwe kapena nsalu pamkono kapena m'chiuno, ndipo wina amagwira mbali inayo. Chisoni chikamukwera n'kuyamba kuthamanga akulira, mnzakeyo amathamanga naye pambuyo. Samuletsa kulira. Amangoonetsetsa kuti asadzivulaze, ndipo akatopa amamubweza pakati pa anthu. Ndinaima pamenepo n'kudzifunsa kuti pa maliro a bambo anga chingwe changa anagwira ndani.

Palinso anthu a chibale cha nthabwala. Iwowa ndiwo ali ndi mphamvu yoziziritsa. Chisoni kapena mkangano ukafika poipa, amabwera ndi phulusa, amachita zoseketsa, ndipo wopsa mtima sangawakanire. A Dagara ndi a Frafra a ku Ghana komweko ali pa ubale wotere mpaka lero, amanyozana za mutu wa galu pamsika ngakhale mu ofesi, koma sangamenyane.

Tembo, Chipata
Bambo Mbewe, ichi ndiye chimbuya chathu chenicheni! Kuno ku Zambia, Mngoni akamwalira a Bemba ndiwo amatenga malo. Amatipaka ufa kapena paudala kumutu, amatilipiritsa, amatiseka ife tikulira, ndipo ntchito zapamaliro amagwira nawo. Poyamba mlendo amadabwa, koma wofedwa amapumako. Ndipo pakabuka mkangano m'banja pamaliropo, mbuya akalowererapo onse amakhala pansi. Kwanuko paja adzukulu amachitanso zofananako. Mayi NaPhiri, gulu lanu lili ndi mbuya wake?

NaPhiri, Area 25
Tilibe, achimwene. Chilichonse chimathera pa ine.

Mbewe wa ku Mua
Pamenepo ndiye pali polemera. Inu muli m'kati mwa mlandu. Ndalama yanu ilimo, ndipo mwavomera nokha kuti kuchipatala simunapiteko. Simungakhale wodandaula, woyankha mlandu ndi woziziritsa nthawi imodzi. Phulusa limabwera ndi wakunja. Pezani mayi wachikulire wa gulu lina, amene onse amamupatsa ulemu ndipo alibe sheya mwa inu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Tadala_BT
Zikomo agogo pondiwongolera. Za phulusazo, Sobonfu ankafotokozanso za bwalo lojambulidwa ndi phulusa pansi. Okangana amakhala m'katimo atafulatirana, aliyense n'kutulutsa zonse za kukhosi, kenaka amatembenukirana n'kusamba madzi. Ndimaona kuti kufulatiranako n'kwanzeru, chifukwa mawu ena sungawanene ukuyang'ana munthu m'maso.

Bambo a Mphatso
Koma m'bwalomo amaitana mizimu. Musabise zimenezo. Mukachotsa mizimuyo zatsala n'chiyani? Mukaisiya, ndiye mwalowetsa amayi achikhristu ndi achisilamu m'zinthu zomwe sanavomere.

Mbewe wa ku Mua
Bambo a Mphatso mukunena zoona, amaitana makolo, ndipo kwa iwo mwambo wopanda mizimu ndi chigoba chabe. N'chifukwa chake ine sindikuuza mayi NaPhiri kuti akajambule phulusa pakhonde. Kutola mwambo wa eni ake ngati chida cha mu ofesi n'kuwapeputsa. Koma funso lanuli a Dagara eni ake analimbana nalo kale. Ansembe a White Fathers, omwewa anatsegula Mua mu 1902, anafika ku Jirapa mu 1929. Mu 1932 kunali chilala, anthu anapita kumishoni kukapempha mapemphero, mvula inagwa, ndipo anthu zikwizikwi anayamba kuphunzira chikhristu. Lero dera limenelo ndi limodzi mwa madera a Akatolika ambiri ku Ghana. Mwana wa kumeneko, Peter Poreku Dery, anakhala episkopi woyamba wa Wa mu 1960 ndipo anasankhidwa kukhala kadinala mu 2006. Iyeyu analowetsa chilankhulo cha kwawo ndi gyil m'mapemphero a Misa. Maliro a mkhristu omwe ndinapitako anali ndi wansembe, komanso nsanja, gyil ndi chingwe chija. Anasankha zosiya ndi zosunga, iwo eni.

Ndipo mayi NaPhiri mumve ichi: bungwe loyamba losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Ghana, lomwe ife tingati SACCO, linayambira ku Jirapa komweko mu 1955. Anthu omwe amadziwa kugwirana chingwe pamaliro ndi omwewo anayamba kusungitsana ndalama.

Bambo a Mphatso
Za kadinalayo sindinkazidziwa. Ngati n'kukhala pansi, kupemphera monga mwa chikhulupiriro chawo, kuitana wamkulu ndi abale, ndilibe nazo vuto. Phulusa ndi manambala ndiye ayi.

Achimwene a ku Joni
Zonsezi ndamva, ndipo za kuchipatala zandikhudza. Koma funso langa lilipobe. Zinatheka bwanji munthu mmodzi kusunga buku, foni ndi PIN yomwe? Bokosi lanu lili ndi maloko atatu ndi makiyi kwa anthu atatu, koma ndalama ya pafoni munaisiya pa munthu mmodzi, mwana wake akufa. Ndani mwa ife akanapirira? Munamuika pa mayesero.

NaPhiri, Area 25
Zoona zokhazokha. Tinayamba za pafoni nthawi ya Covid, ndipo sitinasinthe malamulo. Koma pali chinthu chomwe sindinakuuzeni. K640,000 ija sitinachite kuifufuza. Inali yolembedwa kumapeto kwa buku, ndi dzanja lake. Tsiku lililonse lomwe anatapa analemba deti, ndalama ndi chomwe anagula. Mpaka K1,500 ya kabaza ilimo.

Mayi a Yamikani, Leeds
Mayo ine. Wakuba salemba.

Tadala_BT
Mayi, apa pali chiphunzitso china chomwe Malidoma ndi Sobonfu onse ankachibwereza. Ankati munthu aliyense amabwera padziko ndi mphatso yake, ndipo mayi akakhala ndi pakati akuluakulu amachita mwambo womvetsera kuti mwanayo akubwera kudzatani. Dzina limachokera pamenepo, kuti aliyense akamuitana azimukumbutsa. Dzina loti Malidoma limatanthauza wopalana ubwenzi ndi mlendo kapena mdani, loti Sobonfu limatanthauza wosunga miyambo. Ntchito ya mudzi ndi kuizindikira mphatsoyo ndi kuisamala kuti isatayike. Popanda kuyang'ana chaka chobadwa, msungichuma wanuyu mphatso yake yaonekera poyera. Ndi wosunga mbiri. Ngakhale ali pa moto analemba zoona zomutsutsa yekha. Mukamuthamangitsa, mwataya mlembi amene simudzamupezanso.

Mbewe wa ku Mua
Apa mwana wanga wanena bwino kuposa ine. Msungichumayo buku limuyenera, ndalama ayi. Ndipo mayi amene akukuwa kwambiri za kupolisi, musamuone ngati mdani. Ameneyo ndiye mlonda wanu. Mupatseni kiyi.

NaPhiri, Area 25
Alipo, ndi wogulitsa usipa kumsika, pakamwa pake m'pamoto koma sanaphonyepo sheya ngakhale sabata imodzi. Ndimamuopa, n'chifukwa chake sindinamupatsepo udindo.

Ndaganiza chonchi. Lachitatu tipita tonse kunyumba kwa msungichuma, opanda buku. Tikaphika, tikakhala naye, alire, nafenso tilire, ndipo ine ndikapepesa pamaso pa onse chifukwa cha miyezi inayi ija. Za ndalama sitikatchula. Loweruka ndiye tikumana ndi alongo ake, ndipo ndipempha mayi wina wachikulire wa kumpingo wina, amene anali namkungwi kwawo ku Dowa, kuti atsogolere zokambirana. Ine ndikhala pamkeka ngati wina aliyense.

Achimwene a ku Joni
Loweruka musachoke osalemba. Ndalama zingati pamwezi, tsiku liti, ndani akusaina, mboni ndani. Ndipo muwauze amayi chilungamo kuti Disembala agawana zochepa.

Tembo, Chipata
Lachitatulo musapite manjamanja. Ndipo wa usipayo musamusiye, ndiye woyamba kumuitana.

NaPhiri, Area 25
Abale, ndabweranso kudzakuuzani m'mene zayendera. Lachitatu tinapita 19. Anayi anakana. Titafika anaganiza kuti tabwera kudzanyamula katundu, moti tinamupeza atatulutsa kale mashini ake osokera pakhonde. Nditamuuza chomwe tabwerera anangokhala pansi n'kuyamba kulira, kulira komwe pamaliro paja sanalire. Amene anamugwira mpaka anatonthola ndi mayi wa usipa uja. Tinachokako kutada.

Loweruka kunali kovuta. Mawu owawa ananenedwa, ena olasa ine, ndipo mayi wa ku Dowa sanalole aliyense kudula mnzake pakamwa. Alongo ake abwera ndi K150,000, ndipo asaina kuti yotsalayo azipereka K70,000 pamwezi kuyambira Novembala mpaka Meyi. Masheya ake a chaka chino akhala chikole. Mashini tamusiyira, poti ndi omwe azibwezera ngongoleyo. Buku latsala m'manja mwake, ndalama ya pafoni tsopano izichotsedwa tsiku lomwelo la msonkhano n'kulowa m'bokosi pamaso pa onse, ndipo kiyi mmodzi ali ndi wa usipa. Taonjezanso lamulo loti membala akagonekedwa m'chipatala kapena akadwazika, tizisinthana awiriawiri kukakhala naye.

Amayi awiri ati akalandira zawo mu Disembala atuluka. Mmodzi ndi mnzanga wa kalekale, ndipo sakundiyankha moni. A Mbewe, kodi kumeneko munthu akakana kumwera nawo mowa wa chiyanjano amatani naye?

Mbewe wa ku Mua
Amene ndinawaona ine sankamukakamiza, mayi. Ankamutumizira munthu amene sangamubweze pakhomo, ndipo akakana ankadikira n'kudzamutumiziranso. Mupempheni mayi wa ku Dowa apiteko yekha sabata ya mawa. Inu musapite kaye.